Sinowo woyamba pamapiri: zomwe ndimayang'ana ndisanatsike ndi ma ski

Anthu ambiri amene amayenda ndi ma ski (matabwa aatali otsetserekera pa sinowo) kunja kwa njira zokonzedwa amaopa chigumukire cha sinowo akachuluka sinowoyo, cha mu Januwale kapena Febuluwale. Mu Novembala amayenda mtima uli m'malo poona kuti miyala ikuonekera ndipo udzu ukusuzumira. Ine nyengo imene ndimachenjera nayo kwambiri ndi yomweyi. Sinowo wa masentimita 40 kapena 60 ndi wokwanira kukokolola munthu, ndipo akakukokololani pa nthawiyi amakukhwekhwerezani pamiyala ndi pazitsa zimene sizinakwiririke. Komanso sinowo wochepa amafooka msanga kuchokera pansi, ndipo zimene zamuchitikira m'masabata oyambirira zimakhala nalo phirilo mpaka nyengo itapita patali. Ndikunena za mapiri a kumpoto kwa dziko lapansi, monga Alps, Rockies ndi mapiri a ku Norway. Amene mukupita ku Chile kapena ku New Zealand mutembenuze zonse: miyezi yake ndi Meyi ndi Juni, ndipo mbali yamthunzi ndi ya kummwera.

Nthaka ya pansi pa sinowo imakhala pafupi ndi madigiri 0 nyengo yonse, chifukwa imasunga kutentha kwa miyezi yapitayo ndipo sinowo amaifunditsa. Pamwamba pake ndi nkhani ina. Usiku wopanda mitambo pamwamba pa sinowo pamazizira kuposa mpweya umene, mpaka madigiri 15 kapena 20 kunsi kwa 0. Kusiyana kumeneku kumachititsa nthunzi kuchoka m'munsi mofundamo n'kumakwera, ndipo pokwerapo imachoka pa kanjere kamodzi n'kukaundana kunsi kwa kanjere kotsatira. Tinjere timene tinali tobulungira ndi togwirana timasanduka ta ngodya, tokulirapo, tosagwirana. Malire amene akatswiri amayendera ndi digiri imodzi pa masentimita 10 aliwonse. Kusiyana kukaposa pamenepo, kusinthaku kumayamba. Tiwerengere limodzi. Sinowo akhale wakuya mamita 2, pamwamba pali madigiri 10 kunsi kwa 0: ndiye kuti theka la digiri pa masentimita 10, palibe chodetsa nkhawa. Tsopano akhale wa masentimita 40 pa kuzizira komweko: madigiri 2.5 pa masentimita 10. Sabata imodzi kapena ziwiri za thambo loyera zikadutsa, sinowo yenseyo mukamutapa m'manja amayoyoka ngati shuga, simungamuumbe ngakhale mufinye bwanji.

Payekha sinowo wotere sagumuka kwenikweni, ma ski amangotitimira mpaka kugunda miyala basi. Ngozi imabwera ndi sinowo wachiwiri. Akagwa wina wa masentimita 30 kapena 40, makamaka kuli mphepo, pamwamba pamapangika muyalo wogwirana umene wakhala pa muyalo wosagwirana. Munthu akaponda, tinjere ta m'munsi timaphwanyika pamalo ochepa, koma kuphwanyikako kumathamanga m'muyalo wofookawo mbali zonse. Mtsetse ukakhala wopendekeka madigiri 30 kapena kuposa, chibenthu chonse cha pamwamba chimaduka nthawi imodzi n'kuyamba kutsika. Kawirikawiri chimadukira kumtunda kwa munthuyo, choncho amapezeka ali pakati pake, ndipo pa masekondi ochepa chabe liwiro lake limatha kufika makilomita 100 pa ola. Mwa anthu 10 amene amakokoloka, pafupifupi 9 amakhala kuti chigumukirecho achiyambitsa okha kapena wachiyambitsa mnzawo wa m'gulu lomwelo.

Muyalo wofookawu suchira msanga. Sinowo watsopano amagwirana pakapita masiku awiri kapena atatu, koma tinjere ta ngodya timakhala masabata ambiri, nthawi zina nyengo yonse. Ku Colorado ku United States, kumene sinowo amagwa wochepa koma kumazizira kwambiri, vutoli silisowa chaka ndi chaka, ndipo m'zigwa za mkatikati mwa Alps monga Engadin nakonso n'lodziwika. Mapiri a kufupi ndi nyanja, kumene sinowo amagwa wambiri ndi wofundirapo, savutika nalo kwambiri, ngakhale kuti nakonso masabata awiri opanda mitambo mu Novembala amasiya chilema.

N'chifukwa chake ntchito yanga imayamba ma ski akadali m'nyumba. Sinowo akagwa mu Okutobala kenako kunja n'kufundanso, ndimayang'ana kumene wasungunuka ndi kumene watsala. Kumbali zoyang'ana kummwera amatha, nthaka n'kuonekanso. Amatsalira kumthunzi: kumpoto, kumpoto chakum'mawa, kumpoto chakumadzulo, m'makwawa ndi m'malo olowa a pamwamba. Jambulani zithunzi, kapena onani makamera a pa intaneti amene malo ambiri a ski ali nawo, ndipo lembani tsiku ndi msinkhu umene sinowoyo walekezera. Wina akadzagwa phiri lonse lidzayera mofanana, ndipo palibe diso limene lidzasiyanitse mtsetse umene uli pa nthaka yeniyeni ndi umene uli pa sinowo wakale woyoyoka. Chovuta n'chakuti malo amene sinowo wakale watsalira ndi omwewo amene amakopa, chifukwa ndi kumene miyala yakwiririka ndipo ma ski sakalika. Oyambirira onse amakhamukira kumeneko.

Pali miyalo ina iwiri yofunika kuikumbukira. Usiku wabata, wozizira, wachinyezi, pamwamba pa sinowo pamamera timasamba ta chisanu tonyezimira padzuwa. Tikakwiririka tili chiimire timasanduka muyalo woonda kwambiri, wa mamilimita ochepa, koma wosweka mosavuta. Timapezeka kwambiri m'malo obisika ku mphepo, monga m'mipata ya m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Wina ndi khungu la ayezi limene mvula kapena dzuwa limasiya. Khungulo palokha ndi lolimba, koma pamwamba ndi pansi pake pamakonda kupangika tinjere ta ngodya tomwe tija.

Mphepo ndi kutentha

Powerenga zanyengo sindiyambira pa kuchuluka kwa sinowo. Ndimayambira pa mphepo, ndipo ndimafuna ya pamsinkhu wa msana wa phiri, chifukwa ya m'chigwa siinena kanthu. Mphepo ya makilomita 15 mpaka 20 pa ola imayamba kale kunyamula sinowo wouma. Imaswa tinjere, n'kutiunjika mothithikana kuseri kwa msana, kuseri kwa tizitunda, ndi m'mphepete mwa makwawa ikamawomba chopingasa. Sinowo amene wagwa masentimita 15 pamalo abata akhoza kukhala mita yathunthu m'khwawa. Ndipo sipafunika kuti kugwe kanthu tsikulo: mukaona utsi woyera ukufuka pamisana ya mapiri thambo lili mbee, dziwani kuti kuseriko katundu akuunjikana. Sinowo wa mphepo amadziwika. Sanyezimira, amakhala wosalala ndi wotupa, nthawi zina amamveka mphako mukamuponda, ndipo pafupi pake pamakhala malo opalidwa mpaka miyala. Milomo ya sinowo yolendewera pamsana imaloza kumene mphepo yataya katundu wake. Kumayambiriro kwa nyengo zimenezi zimaoneka bwino kuposa nthawi ina iliyonse, misana ili yakuda, makwawa ali oyera, ndipo munthu wofuna sinowo amalunjika m'khwawamo osaganiza kawiri.

Chachiwiri ndi mmene kutentha kwayendera pamene sinowo amagwa. Akayamba kugwa kuli kofunda kenako n'kumazizira, wonyowa amamatirira pansi ndipo wopepuka amakhala pamwamba, zimenezo n'zabwino. Akayamba kuli kozizira kwambiri kenako n'kumafunda, wolemera amakhala pa wopepuka, ndipo chibenthu chapangika kale tsiku lomwelo. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 0.6 pa mamita 100 aliwonse okwera, ndipo sinowo amayamba kukhazikika cha pa mamita 300 kunsi kwa msinkhu wa madigiri 0, choncho mvula ya m'chigwa ikhoza kukhala sinowo wochuluka kumtunda. Ku Alps kuli mphepo yofunda yotchedwa Föhn, imene imachita ziwiri zonse pakamodzi: imaunjika sinowo pamwamba, n'kufewetsa wa m'munsi.

Werner Munter, wotsogolera anthu m'mapiri wa ku Switzerland, anapereka miyezo ya sinowo watsopano wogwa pa tsiku limodzi mpaka masiku atatu imene ndimaiona yothandiza: masentimita 10 mpaka 20 ndi oopsa kale zinthu zikakhala zoipa, 20 mpaka 30 zikakhala zapakatikati, 30 mpaka 50 zikakhala zabwino. Zoipa zake ndi mphepo yamphamvu, kuzizira kwambiri poyamba kugwa, pansi posalala kapena poyoyoka, ndi mtsetse umene anthu sanaupondeponde. Muonetsetse mndandandawo: mu Novembala ndi Disembala pafupifupi zonsezo zimakhalapo. Choncho masentimita 15 amene mu Malichi simungawalabadire, pa nthawi ino ndi nkhani. Tsiku loyamba lowala sinowo atangosiya kugwa ndi limene limapweteketsa anthu ambiri. Musaiwalenso kuti dzuwa limalowa msanga; ikani ola lobwerera musananyamuke, ndipo tochi ya pamutu ikhale m'chikwama.

Lipoti la chenjezo

Mayiko a ku Europe anagwirizana mu 1993 kugwiritsa ntchito milingo isanu ya chenjezo la chigumukire, kuyambira 1 (ngozi yochepa) mpaka 5, ndipo ku United States ndi ku Canada milingo ndi isanunso. Ku Switzerland lipoti limatulutsidwa ndi bungwe la SLF la ku Davos, 5 koloko madzulo ndi 8 koloko m'mawa nyengo ikakhazikika; ku Colorado kuli CAIC, ku Canada kuli Avalanche Canada. Anthu amaona 3 n'kumati ndi pakati, si zoopsa. Koma ku Switzerland pafupifupi theka la anthu ofa ndi chigumukire amafa pa mlingo 3, ndipo pafupifupi 30 pa 100 aliwonse amafa pa mlingo 2. Pa 4 ndi 5 ambiri amakhala kunyumba.

Nambala payokha siikwanira. Werengani mbali za phiri ndi msinkhu umene atchula, kenako mtundu wa vuto, chifukwa vuto lililonse lili ndi mankhwala ake. Sinowo watsopano mumamudikira masiku angapo. Wa mphepo mumamuona n'kumulambalala. Wonyowa mumamupewa ndi nthawi, kunyamuka m'mamawa n'kubwerako kusanafunde. Koma muyalo wakale wofooka suoneka, sudikirika, ndipo mapazi a anthu ena pamtsetsewo si umboni uliwonse: anthu asanu amadutsa bwinobwino, wachisanu ndi chimodzi n'kuponda pamalo oonda, phiri lonse n'kuduka. Mankhwala ake ndi kusapitako basi. Dziwaninso kuti kumayambiriro kwa nyengo olemba malipoti amakhala ndi uthenga wochepa, poti anthu opita kumapiri kukawauza zimene aona akadali ochepa, ndipo madera ena amakhala asanayambe n'komwe kutulutsa lipoti tsiku lililonse. Kusowa kwa lipoti sikutanthauza kuti kuli bwino.

Malo a ski amene sanatsegulidwe muziwatenga ngati phiri lakutchire. Njira imene mu Febuluwale mumatsikamo mosaganiza kanthu imakhala yotetezeka chifukwa antchito amagumuliratu mitsetse ya pamwamba pake ndi mabomba m'mawa uliwonse pakafunika. Asanatsegule, ntchito imeneyo mwina sinayambe, kapenanso ikuchitika tsiku lomwelo inu muli m'munsi. Pamakhalanso mapaipi a makina opangira sinowo ndi zingwe zachitsulo zokokera magalimoto osalaza njira.

Kupendekeka kwa mtsetse

Pa zinthu zonse, ichi chokha ndi chimene chili m'manja mwanu. Zibenthu zambiri zimaduka pakati pa madigiri 30 ndi 45, makamaka cha pa 38, pomwe kutsika kumakoma. Mapu a pafoni amapaka mitundu malo opitirira madigiri 30. Muwaone kunyumba, koma kumbukirani kuti kachitunda kakafupi ka mamita 20 kapena 30 mapu akhoza kukabisa. Pamalopo yezani ndi ndodo zanu za ski. Gonekani ndodo imodzi pa sinowo molunjika kumunsi, chogwirira chili kumunsi, kuti isiye chidindo. Dzutsani chogwiriracho nsonga ili pomwepo, gundanitsani ndi chogwirira cha ndodo yachiwiri, ndipo yachiwiriyo ilendewere yokha mpaka nsonga yake ikhudze sinowo. Ikakhudza pothera chidindo, ndi madigiri 30. Masentimita 10 aliwonse opitirira kumunsi amawonjezera madigiri 3. Pokwera, mukaona kuti simungathenso kukhota mozungulira koma mukuyenera kuima n'kutembenuza ski imodziimodzi, mwafika cha pa 30.

Lamulo losavuta la Munter limati pa mlingo 2 musapitirire madigiri 40, pa mlingo 3 musapitirire 35, pa mlingo 4 musafike 30. Ine lipoti likatchula muyalo wakale wofooka, mbali zamthunzi ndimakhala kunsi kwa 30 ngakhale mlingo uli 2. Ndipo simuyeza pomwe mwaima pokha. Ndi muyalo woterewu kusweka kumatha kuyambira pamalo athyathyathya m'munsi n'kuthamanga mamita ambirimbiri mpaka kukadula mtsetse wa pamwamba panu. Kwezani maso muone chimene chili kumtunda, kenako muone kumunsi kumene mungakathere. Khwawa kapena mtsinje umasandutsa chigumukire chaching'ono kukhala manda akuya mamita atatu. Mitengo, miyala ndi maphompho zimathyola mafupa sinowo asanakukwirireni n'komwe.

Kulemera kwa munthu wa pa ma ski sikufika pansi kwambiri. Muyalo wofooka ukakhala kupitirira mita imodzi kuya kwake, kuuswa kumavuta. N'chifukwa chake malo oopsa ndi oonda: pafupi ndi miyala yotulukira, potulukira m'khwawa, pamene mtsetse ukupindikira kumunsi. Kumayambiriro kwa nyengo pafupifupi paliponse ndi poonda.

Phiri limachenjeza, ndipo machenjezo atatu awa safunika kukambirana. Chigumukire chatsopano pamtsetse wofanana ndi wanu. Ming'alu yothamanga kuchoka kunsonga za ma ski. Ndi phokoso lakuti dii pansi pa mapazi, sinowo n'kutitimira pang'ono: ndi muyalo wofooka umene waphwanyika mpweya n'kutuluka, ndipo chimene chaletsa chibenthucho kutsika ndi kuchepa kwa kupendekeka basi. Kuti mumve zimenezi muzipatuka pang'ono pa njira imene ena aponda kale. Muzitembenuzanso ndodo n'kubaya chogwirira m'sinowo pafupipafupi. Ikalimba poyamba kenako n'kungolowa phuu mpaka pansi, mwapeza chibenthu pamwamba pa sinowo woyoyoka.

Kukumba dzenje kumaphunzitsa zambiri, ndipo pa nthawi ino sikuchedwa poti sinowo ndi wosaya. Sankhani kamtsetse kakang'ono kosafika madigiri 30, koyang'ana mbali yomweyo ndi pamsinkhu womwewo. Kumbani mpaka nthaka, salazani khoma, ndipo yesani kulimba kwa muyalo uliwonse ndi chibakera, zala zinayi, chala chimodzi, pensulo, kenako mpeni. Chimene mukufuna ndi muyalo wolowa chibakera pansi pa muyalo wolowa chala chimodzi. Kenako dulani chipilala cha masentimita 90 m'lifupi chopingasa mtsetse ndi 30 cholowera kumtunda, muchilekanitse kumbuyo ndi chingwe kapena sowo. Ikani fosholo pamwamba kumbali imodzi, menyani ka 10 ndi dzanja lokha, ka 10 kuchokera pachigongono, ka 10 kuchokera paphewa. Mng'alu ukadutsa chipilala chonse kamodzin'kamodzi, muyalowo umafalitsa kusweka, ndipo ulendo wa pamalo opendekeka wathera pomwepo. Koma chipilala chikapanda kusweka musachitenge ngati chilolezo, poti mamita 20 kuchokera pamenepo sinowo akhoza kukhala wina.

Pali mtundu wina wa chigumukire wokonda nyengo imeneyi: sinowo wambiri akagwera pa udzu wautali nthaka ikadali yofunda, yense amatsetsereka pang'onopang'ono pa udzuwo n'kutsegula mng'alu waukulu wofika panthaka. Munthu sauyambitsa, ndipo palibe amene angadziwe ola limene udzagwe. Musaime kunsi kwa mng'alu wotero, ngakhale kudya kamba.

Pokwera malo opitirira madigiri 30 talikiranani mamita 10. Potsika malo opitirira 35 tsikani mmodzimmodzi, ena akuyang'ana ali pamalo otetezeka, ndipo poima pakhale pambali, osati kunsi kwa mtsetse womwewo. Zingwe za ndodo musazikolowetse m'manja.

Munthu akakwiririka

Zida zitatu sizisiyidwa, ndipo aliyense akhale ndi zake: transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira siginolo kopezera munthu wokwiririka) ya tinyanga titatu, ndodo yofufuzira yosachepera masentimita 240, ndi fosholo yachitsulo, chifukwa yapulasitiki imathyoka m'sinowo wa chigumukire. Ma transceiver onse amalankhulana pa 457 kHz, kaya ndi a kampani iti. Ulendo woyamba wa chaka ndi umene zida zimakhumudwitsa: mabatire amene anagonamo chaka chatha amatha kudontha n'kudyetsa dzimbiri. Ikani atsopano a mtundu umene wopanga ananena, onani chingwe cha m'kati mwa ndodo yofufuzira, ndipo musananyamuke mmodzi ayese transceiver ya aliyense ngati ikutumiza ndi kulandira. Valani transceiver m'kati mwa zovala, masentimita 20 kutali ndi foni. Pofufuza foni italikire masentimita 50. Chikwama cha airbag, chimene chimafufuma ndi mpweya mukakoka chingwe, chimathandiza kuti musamire kwambiri, ndipo ndimachiyamikira, koma sichikutetezani ku miyala, imene pa nthawi ino ndiyo yambiri. Chipewa cholimba valani.

Chifukwa choyeserera ndi nthawi. Kafukufuku wa ngozi za ku Switzerland wofalitsidwa mu 1994 anaonetsa kuti mwa anthu okwiririka thupi lonse, oposa 90 pa 100 amakhala moyo akafukulidwa mkati mwa mphindi 15, koma pofika mphindi 35 amatsala pafupifupi 30 pa 100. Ambiri amafa chifukwa chobanika. Helikopita siingafike m'mphindi zimenezo. Wopulumutsa ndi amene anali naye.

Mukakokoloka inuyo, kokani chingwe cha airbag nthawi yomweyo, tayani ndodo, limbanani kuti mupite m'mbali, ndipo liwiro likayamba kuchepa phimbani nkhope ndi mikono kuti patsale mpata wopumira. Chigumukire chikaima sinowo amauma gwa, simungasunthe ngakhale chala.

Mukakhala woonerera, musachotse maso pa mnzanuyo, ndipo sungani malo amene mwamuona komaliza. Kufufuza kumayambira pamenepo kutsika. Onani ngati kumtunda kwatsala china chogwa. Mmodzi atsogolere, awerenge osowa, ndipo aliyense asinthe transceiver yake kuti izifufuza, chifukwa imodzi yokha yotsala ikutumiza imasocheretsa gulu lonse. Ngati muli angapo wina aimbe foni: 112 ku Europe konse, 1414 ku Switzerland, 140 ku Austria, 911 ku United States ndi ku Canada. Ngati muli nokha ndipo netiweki palibe, musapite kukaifuna, yambani kufufuza. Yendani m'mizere yotalikirana mamita 40 kapena monga wopanga transceiver yanu ananenera, maso ali pa sinowo, poti ski kapena golovesi yotulukira ikhoza kukhala ndi mwini wake pansi, ikokeni muone. Mukagwira siginolo tsatirani muvi wa pa transceiver mothamanga, manambala a mtunda akutsika. Pa mamita 10 chepetsani liwiro. Pa mamita 3 gwadani, transceiver ikhale pa sinowo penipeni, osaitembenuza, muiyendetse kutsogolo ndi kumbuyo, kenako kumanja ndi kumanzere, mpaka mupeze nambala yochepetsetsa. Musatayepo nthawi kufuna kulondola kwambiri. Bayani ndodo yofufuzira pamenepo, moimirira molingana ndi nkhope ya mtsetse, kenako mozungulira motalikirana masentimita 25. Thupi limamveka lofewa ndi lobwezera, losiyana ndi mwala kapena nthaka. Mukaligunda ndodoyo isiyeni pomwepo.

Kukumba ndi kumene kumadya nthawi yambiri, ndipo ndi kumene anthu sayeserera. Munthu wokwiririka mita imodzi amafuna kuti muchotse sinowo wopitirira tani imodzi. Musakumbe chitsime pamwamba pake: mumamupondereza, mumagumula mpata wake wopumira, ndipo dzenje likazama sinowo amabwerera momwemo. Werengani kuya pa ndodo, bwererani kumunsi mtunda wokwana kuyako kamodzi ndi theka, n'kukumba cholowera kundodoyo. Ngati ndi posaya, yambirani kunsi kwa ndodo pomwepo. Mukakhala ambiri, mmodzi akhale kutsogolo akudula zibuma, ena kumbuyo kwake motambasuka akukankhira sinowo kumunsi osamunyamula m'mwamba, ndipo muzisinthana mphindi ziwiri kapena zinayi zilizonse, wakutsogolo asanatope. Mukafika pathupi funani mutu. Chotsani sinowo m'kamwa ndi m'mphuno, masulani chifuwa, ndipo muonetsetse ngati m'kamwa munali motsekeka kapena panali mpata kutsogolo kwa nkhope, chifukwa madokotala adzafunsa zimenezo.

Ngati sakupuma, muuzireni mpweya kasanu, kenako psinjani chifuwa ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza mpaka thandizo lifike. Ngati akupuma, musamukoke mwamphamvu kapena kumuimiritsa. Khosi ndi msana zikhoza kukhala zovulala, ndipo munthu wozizidwa kwambiri mtima wake umatha kuima akagwedezeka. Mugoneke chogona pa zikwama kapena zovala kuti asakhudze sinowo, mufunditseni thupi ndi mutu, mutchingireni mphepo, ndipo dzenje lomwelo nthawi zambiri ndi malo abwino kuposa panja. Ngati pali wina wosowa, zimitsani transceiver ya amene mwafukulayo kuti isasokoneze. Onse akapezeka bwezerani ma transceiver anu pa kutumiza, ndipo lembani ola limene chigumukire chinagwa ndi ola limene nkhope yake inaonekera, kuti mukauze opulumutsa akangofika. Ngakhale aoneke kuti ali bwino n'kumafuna kutsika yekha, apite kuchipatala ndithu, chifukwa mavuto a m'mapapo ndi kuvulala kwa m'kati zimatha kuonekera patapita maola angapo.